Loveday pa Khoma la Khola la Mahatchi

Zeehan, 3 Malichi 1907

Jabez mlongo wanga,

Moni kumeneko ku Melbourne, ngati ukadali moyo. Ndikutero chifukwa kalata yako yomaliza inabwera Khirisimasi isanafike, ya mizere isanu ndi umodzi, itatu mwa iyo yodandaula kutentha kwa dzuwa. Kuno tilipo. Alamu ako a Enoch akutsokomola monga atsokomolera amuna onse a mumgodi, ana akudya ngati dzombe, mvula nayo ndi yomwe ija unaisiya.

Sindikupempha ndalama, usayambe kupisa m'thumba. Nkhani ndi ya maso a amayi. Adokotala anawaona Lachiwiri ndipo sanapsatire mawu. Akuti ng'ala yakula m'maso onse awiri, kuseri kwakenso kuli vuto lina limene mpeni sungathandize, moti ikamatha nyengo yozizira ikubwerayi sadzaonanso kanthu. Singano anasiya kale. Baibulo ndimawawerengera ndine.

Amayi sanalire. Titafika kunyumba anangoti pali chinthu chimodzi chimene akufuna kuona kusanawadere, nkhope ya Loveday. Ukudziwa kuti mzime wathuyu sanasiye chithunzi. Chija tinamujambulitsa kwa wakamera wa ku Strahan analephera kuugwira mtima, anaphulika kuseka, nkhope n'kutuluka ngati utsi. Papita zaka ziwiri chimuikire m'manda, ndipo amayi akuti akamuganiza amaona tsitsi ndi manja, koma nkhope ikuwathawa.

Ndiye iwe amene umadyera pensulo, amene umajambula agalu ovina ndi amuna omeza malupanga kuti anthu a m'tauni akataye mashileni awo ku nyumba ya zisudzo ya a Pargeter, tijambulire mlongo wako. Umujambule mwaulemu, m'diresi lake lija la kutchalitchi lotseka khosi, kuti tichikoloweke m'chipinda cha amayi. Usandiuze kuti ntchito yachuluka. Maso sadikira munthu.

Ndine mchemwali wako,
Keziah

Melbourne, 24 Malichi 1907

Achemwali,

Moni nonse. Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu ndi kwa ana. Kodi amayi akumva kuwawa, kapena ndi mdima wokha? Simunanene.

Musaganize kuti ndakhala chikhalire. Tsiku lomwe kalata yanu inafika ndinagula pepala labwino, ndinanola mapensulo, n'kukhala pansi. Ndayesa kasanu ndi kawiri. Diresi limatuluka, mabatani onse ndimawakumbuka, tsitsi limatuluka. Ndikafika pankhope, dzanja limandipatsa Loveday wa masabata otsiriza aja, masaya atalowa, maso atakula, mpango wamagazi uli m'manja. Ameneyo sindingawatumizire amayi. Mapepala onse asanu ndi awiri ndang'amba.

Mwati ndisanene za ntchito, koma ndinenabe pang'ono kuti mudziwe kuti si ulesi. Pologalamu ya a Pargeter imasintha Loweruka lililonse, ndipo wosewera watsopano aliyense amafuna chipepala chake chomata m'makoma, chachitali kuposa munthu. Sindijambula papepala ayi. Ndimajambula pa miyala yosalala ndi choko cha mafuta, mtundu uliwonse mwala wake, zonse chobwerera, kumanja kukhala kumanzere, kuti zikadindidwa ziongoke. Ntchito ikatha a Hauser, eni makina osindikizira, amapera miyalayo ndi mchenga ndi madzi kuti pajambulidwe zina. Miyala ndi yochepa, zithunzi n'zambiri.

Sabata yatha kunali chipwirikiti. Kukubwera woimba wina wochokera ku England, Queenie Larkspur, koma sitima yake inachedwa panyanja, ndipo zithunzi zake zonse zili m'bokosi lomwe akuyenda nalo. Ndinafunsa a Pargeter kuti ndijambula bwanji munthu amene sindinamuonepo. Iwo anaseka, amvekere: "Ndani anafananizapo nkhope ndi chipepala? Jambula mtsikana woseka, miyendo ioneke, dzina tilemba pansi." Ndinajambula masana amodzi okha, osaganiza n'komwe, ndipo anthu akuti ndi chithunzi chabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Akuti oyendetsa ngolo akumaimitsa mahatchi kuti achiyang'ane. Ine sindikondwa nacho.

Ndipatseni mwezi umodzi. Muwauze amayi kuti chili m'njira.

Mlongo wanu,
Jabez

Zeehan, 2 Meyi 1907

Jabez,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ukuyenera.

Mwezi unapemphawo watha, chithunzi cha amayi sitinachione. Koma china tachiona, tauni yonse yachiona. Lolemba ndikuchokera kogula ufa ndinapeza amuna a shifiti ya m'mawa ataunjikana pakhoma la hotela, akuseka, wina akuimba mluzu. Atandiona anavula zipewa. Ndinakweza maso. Loveday! Loveday wathu, wamtali ngati chitseko cha tchalitchi, dzanja m'chiuno, mutu atapendeketsa monga ankachitira, diresi lolekeza m'mawondo, mwendo wina uli m'mwamba. Ngakhale chipsera chija cha pansidze, chomwe anagwa nacho pa ngolo ya abambo, unachiikapo. Pansi pake alembapo dzina la hule lako la ku England, ati akubwera kuno kumapeto a mwezi kudzaimba masiku atatu. Ufa unandipulumuka m'manja.

Ndiye kulephera unkanena kuja ndi kumeneku? Kwa amayi ako dzanja limauma, koma kwa a Pargeter limathamanga masana amodzi. Wafukula mwana m'manda n'kumuvula pamsewu kuti zidakwa zimuimbire mluzu. Mtsikana amene anaphunzitsa Sande sukulu zaka zinayi! Nkhani ili m'kamwam'kamwa. Mwana wanga Hedley wabwera kusukulu mphuno ikutuluka magazi, ati mnzake anamufunsa kuti azakhali ake akuvina ndalama zingati.

A Doolan, mkulu uja womata zipepala, anamata khumi ndi ziwiri. Ine ndi mayi Hocking ndi amayi ena atatu a kutchalitchi tinatenga mipeni ndi maketulo a madzi otentha, tinapala khumi ndi chimodzi. Chatsala chimodzi pakhoma la khola la mahatchi la a Rule, pamwamba pomwe sitingafike popanda makwerero, ndipo a Rule akana kutibwereka, ati khoma anabwereketsa.

Amayi sakudziwa, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti maso awo ali mmene alilimu. Taona zimene wandinenetsa.

Undimve bwino. Chithunzi chimenechi uchichotse padziko. Chisatsale ngakhale chimodzi, kuno, ku Melbourne, kaya kuti. Mmene uchitire ndi zako. Ukapanda kutero usadzalembenso kalata kunyumba ino, ndipo pamaliro a amayi ndidzakutsekera chitseko ndi manja angawa.

Keziah

Zeehan, 8 Meyi 1907

Mwana wanga Jabez,

Ndine mayi ako. Dzanja ndi la Keziah, koma ndamuuza kuti alembe zimene ndikunena, osati zimene akuganiza. Uli bwanji, mwana wanga? Ukudya mokwanira? Chifuwa chija chinkakuvuta nyengo yozizira chinasiya?

Anthu ankaganiza kuti munthu akafa maso amafanso makutu. Mayi Hocking anabwera Lamlungu kudzandipepesa pa chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo atayamba kumeza mawu ndinawapanikiza mpaka ananena. Ndinavala chipewa n'kumuuza Keziah kuti anditengere kukhola la a Rule. Anakana. Ndinati ndipita ndekha, ndikagwera m'ngalande adzayankha iye kwa abusa.

Ndinaima tsidya lina la msewu. Jabez, ndinamuona. Papita chaka ndisanaone nkhope ya munthu, ngakhale ya Keziah amene amandipesa tsitsi m'mawa uliwonse ndimangoona mthunzi. Koma uyu unamupanga wamkulu, mizere yake yokhuthala, ndipo ndinaona mano, ndinaona maso akutsinzina ndi kuseka. Ndi mmene ankasekera akaba mphesa zouma za mumphika ine nditatembenuka. Chipsera unachiika kumanja m'malo mwa kumanzere, koma palibe kanthu, ndi mmene iye ankadzionera pagalasi. Ndipo diresi lofiira! Moyo wake wonse anandipempha diresi lofiira, ine n'kumakana, ndimati si mtundu wa mwana wa a Methodist. Iwe wamuveka.

Keziah akuti miyendo. Miyendo imeneyo ndinaisambitsa ndine, siindichititsa manyazi. Zolembedwa pansizo sinditha kuziwerenga, ndiye kwa ine palibe dzina lina.

Ndapita masiku atatu otsatizana. A Rule anditulutsira bokosi lokhalapo. Koma mvula ya kuno ukuidziwa, pepala silingakhalitse. Unditumizire chimodzi chouma, chomwecho, usasinthe kanthu, kuti Enoch achimate pakhoma la kuchipinda kwanga moyang'anana ndi bedi. Chaching'ono cha diresi la kutchalitchi chija usavutike nacho, sindikanachiona n'komwe.

Mulungu akudalitse dzanja lakolo.
Mayi ako

Ndaonjezapo ine Keziah. Ndalemba monga anenera. Zimene ndinakulembera sabata yatha ndinalemba mtima utapsa, usachitepo kanthu. Akuti panyanja pali namondwe ndipo sitima siinatuluke ku Strahan, koma kalata ndiponya lero lomwe.

Melbourne, 11 Meyi 1907

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ya pa 2 Meyi ndinailandira Lachiwiri, ndaiwerenga mpaka ndailoweza. Sindikana chilichonse. Mwandinena zoona, ndipo pena mwandichitira chifundo.

Sindinachite dala, ngakhale izi sizichepetsa mlandu. Tsiku lija a Pargeter atati ndijambule mtsikana woseka, ndinangogwira choko n'kuyamba, mutu uli pa nthawi. Mwala woyamba utatha ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione, ndipo anali iye, wamoyo, amene ndinamusaka masabata awiri osamupeza. Ndinayenera kufufuta pomwepo. Sindinathe, achemwali. Ndinaonjezera chipsera. Ndinadziuza kuti Melbourne ndi kutali, sindinaganize kuti gulu la a Pargeter lidzaoloka nyanja kubwera kwathu. Ndipo ndinachita mantha kukuuzani.

Tsono mtima wanu ukhale m'malo, ndachita zonse munalamula. Ndinapita kwa a Pargeter ndili wokonzeka kuchotsedwa ntchito, koma anavomera msanga, chifukwa Queenie mwini wake wakhala akulalata kuti mtsikana wa pachipepala ndi wokongola kuposa iye, ndipo anyamata a m'mipando ya m'mwamba akumamukuwiza kuti abweretse weniweniyo. Lachitatu ndinajambula nkhope yake yeniyeni, ya chibwano chachikulu. Zipepala zakale zinatsala makumi asanu ndi limodzi mosungira katundu. Ndinazinyamula ndekha n'kuziponya m'ng'anjo ya makina, ndinaima pomwepo mpaka zinapsa. A Hauser amasunga chimodzi pa ntchito iliyonse m'kabati mwawo, ndipo anandichonderera kuti chimenecho ndichisiye, ati m'zaka makumi atatu sanadindepo nkhope yotero. Ndinachitenga, nacho chinapsa. Miyala inayi ya chithunzicho anali asanaipere, ndipo sindinadikire anyamata awo, ndinaipera ndekha mpaka inayera. Zala zanga zasupuka.

Za kuno musade nazo nkhawa, makoma a Melbourne amamatidwa sabata iliyonse, zija zinakwiririka kale. Zatsopano khumi ndi ziwiri zikubwera pa sitima yomwe ikubweretsa kalata ino, kwa a Doolan, ndipo ndawalembera kuti ayambire pakhoma la khola la a Rule tsiku lomwe azilandire.

Amayi asadziwe. Chawo ndiyambanso mawa.

Mlongo wanu, ngati mukundilolabe,
Jabez

Melbourne, 22 Meyi 1907

Amayi, ndi inu achemwali,

Kalata yanu ya pa 8 yafika dzulo. Yayenda masiku khumi ndi atatu, envulopu ili yonyowa.

Achemwali, muwerenge nokha kaye musanawawerengere amayi, muone zoti munene.

Ndayenda mzinda wonse. Ndinapita kwa omata zipepala onse amene ndimawadziwa, ndinakafika mpaka ku Footscray ndi ku Port Melbourne. Mmodzi anandionetsa khoma lomwe akukumbuka kuti anamatapo, tinathira madzi n'kuyamba kusenda. Pamwamba panali chipepala cha sopo, pansi pake masewera a nkhonya, pansi pake chimbalangondo chopalasa njinga chomwe ndinajambula ndine. Titafika pa iye panali phala lokhalokha. Ndinapeza kachidutswa ka nsapato.

A Hauser sanandinyoze. Anandipatsa mwala woyera, ati ndiyesenso. Ndayesa dzulo, ndayesa lero. Dzanja m'chiuno likutuluka, mutu wopendekeka ukutuluka, koma amene akuseka pamenepo ndi mtsikana wina, sindimudziwa. Tsiku lija sindinkamufuna, ndiye anabwera. Tsopano ndikumuitana ndipo sakubwera.

Chonde ndiuzeni kuti a Doolan anadwala, kapena makwerero awo anathyoka, kapena phukusi linagwera m'nyanja. Ndiuzeni kuti cha pakhola chikadalipo. Ngati chilipo muike lona pamwamba pake, ine ndikwera sitima yoyamba kudzachikopera.

Jabez

Zeehan, 14 Julaye 1907

Jabez mlongo wanga,

Moni. Uli bwanji? Zala zinapola? Makalata ako anayi ndinalandira, ndi mipukutu itatu ya zithunzi. Sindinayankhe chifukwa ndikagwira cholembera ndimaona kalata yanga ija ya pa 2 Meyi, ndipo ndimachibweza patebulo.

A Doolan sanadwale. Phukusi analitenga kusiteshoni m'mawa, pomwe kalata yako inandipeza masana. Ndinaiwerenga chiimire pakhomo, ndipo ndisanafike kumapeto ndinathamanga, opanda chipewa, epuloni ili m'chiuno, mzimayi wa zaka makumi anayi kuthamanga mumsewu waukulu ngati wamisala. Ndinawapeza akutsika pamakwerero, ndowa ya phala ili m'manja. Ndinawakankha n'kukwera ndekha. Phala linali lisanaume, ndiye ndinati ndikasenda chatsopanocho chakale chitsala. Koma chakalecho chinali chitamwa mvula masabata atatu. Chinabwera pamodzi ndi chinzake, nyenyenye m'manja mwanga, pakhoma n'kutsala matabwa. Amuna a pahotela aja anali ataima pansi, ndipo palibe anaimba mluzu.

Wakhala ukudzitukwana m'makalata onse anayi. Leka. Iwe unachita zimene ndinakulamula. Tsiku lomwe amayi anandilembetsa kalata ija ndikanatha kumenya lamya, mawu atatu okha akanakwana. Ndinafika mpaka pakhomo la positi ofesi. Koma amene amatumiza malamya ndi mphwake wa mayi Hocking, ndipo sindinafune kuti tchalitchi chonse chimve kuti Keziah, amene anatsogolera maketulo, wabweza mawu. Ndinaponya kalata n'kubwerera kunyumba. Izi sindinauze munthu, ngakhale a Enoch.

Zithunzi zako ndaziyala pansi kukhitchini, ndaziyang'ana ndi a Enoch. N'zokongola, koma si iye. Ukudziwa kale.

Tsono za amayi. Izi zitachitika, masabata awiri anali chigonere ndi chimfine, ndiye sanadziwe kanthu. Atadzuka maso anali atatsika kwambiri, msanga kuposa mmene adokotala ananenera. Chinthu choyamba anafunsa chipewa. Ndinawatenga. Pakhomapo a Doolan anali atamatanso Queenie wako wa chibwano, m'diresi lofiira lomwe lija. Amayi anakhala pabokosi nthawi yaitali, kenako anati: "Nkhope yayamba kundithawa, koma diresi ndikuliona. Akusekabe, eti?" Ndinati eya, akuseka.

Kuyambira pamenepo timapita m'mawa uliwonse mvula ikalola. A Rule akudziwa, a Doolan akudziwa, ngakhale mayi Hocking akudziwa ndipo koyamba m'moyo wawo atseka pakamwa. Za chithunzi cha kuchipinda ndinawauza kuti sitima zikuvuta. Ine amene ndinkakumenya uli mwana ukanama, tsopano ndimanama tisanadye kadzutsa.

Vuto ndi ili. Gulu la a Pargeter linapita kale, khoma analibwereka a mankhwala a chifuwa, ndipo chipepala chawo n'chachikasu. Lachisanu amayi anakhala pabokosi n'kumatembenuza mutu uku ndi uku ngati mwana wotayika pamsika. Anandifunsa ngati taima pamalo olakwika. Ndinati kuli nkhungu. Dzulo ndinatinso kuli nkhungu. Mawa sindikudziwa ndinena chiyani.

A Rule avomera kutipatsa khomalo mpaka nyengo yozizira ithe, a Doolan ati amata ulere. Adokotala akuti kuwala kwatsalaku sikupitirira Ogasiti. Ndiye ndikupempha, sindikulamula. Tumiza mapepala aakulu anayi kapena asanu, kuti mvula ikadya limodzi timate lina, ndipo uwaike pa sitima yoyamba. Usatayenso masiku pa miyala ya a Hauser. Nkhope usavutike nayo, Jabez, saionanso. Ungopaka kufiira pakati, kutalika ngati munthu.

Mchemwali wako,
Keziah